Kodi DNA imakhala mu nyukiliyasi mokha?

Funso la ulendo uno lachokera kwa mphunzitsi wachinyamata amene wangoyamba kumene kuphunzitsa Biology pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mzuzu. Walemba kuti: "Ndinawauza ana a Fomu 3 kuti DNA imapezeka mu nyukiliyasi, monga ndinaphunzirira ine. Mtsikana wina anakweza mkono n'kufunsa kuti, 'Aphunzitsi, paja munati maselo ofiira a magazi alibe nyukiliyasi, nanga akamati akukayeza DNA pa magazi amaipeza kuti?' Ndinamulonjeza kuti ndimuyankha sabata yamawa. Pofufuza ndapezanso zoti mu mitochondria muli DNA. RNA ndiye sindikudziwa kuti ndinene kuti imakhala pati. Chonde ndithandizeni, ma nucleic acid amenewa amapezeka kuti ndi kuti m'selo?"

Aphunzitsi, mwachita bwino osamunamiza mwanayo. Ndaphunzitsa phunziro limeneli zaka zambiri, ndipo ana amene amatha kulumikiza zimene munanena mu teremu yoyamba ndi zimene mukunena mu teremu yachitatu sachuluka. Safunsa anadya phula. Iyeyu wafunsa, ndipo funso lake lakufikitsani pamene pagona nkhani. Zimene munawauza anawo si zabodza ayi, DNA yochuluka ya munthu ilidi mu nyukiliyasi. Kungoti nkhaniyo munaidula pakati, ndipo mbali imene inatsalayo ndi yomwe imafotokoza zinthu zambiri zimene timaziona m'zipatala ndi m'minda mwathu muno.

Tiyambe ndi magaziwo, poti ndiyo ngongole imene muli nayo. Selo lofiira likamakula m'mafuta a m'mafupa limakhala ndi nyukiliyasi ngati selo lina lililonse. Likatsala pang'ono kulowa m'mitsempha limaitayira kunja, kenako limachotsanso ma mitochondria ake (tizigawo totulutsa mphamvu) ndi maraibosomu ake (tizigawo topangira mapuloteni), n'kutsala kathumba kodzaza ndi hemoglobin yonyamulira mpweya wabwino. Choncho selo lofiira lokhwima la munthu lilibedi DNA. Ndi chifukwa chake silingagawikane, ndipo likayamba kutha silingadzikonze. Limayenda masiku pafupifupi 120 basi, kenako kapamba ndi chiwindi zimalichotsa. Komatu m'magazi simuli maselo ofiira okha. Muli maselo oyera, aja olimbana ndi matenda, ndipo lililonse lili ndi nyukiliyasi yake yathunthu. Ndi ochepa poyerekeza ndi ofiira, mwina loyera limodzi pa ofiira mazana angapo, komabe m'kadontho kamodzi ka magazi amakwana masauzande ambirimbiri. DNA imene amayeza ija imachokera mmenemo.

Mwanayo mukamuuzenso ichi, chimukondweretsa: DNA inapezeka koyamba m'maselo oyera omwewa. Mu 1869, Friedrich Miescher, dokotala wachinyamata wochokera ku Switzerland amene ankagwira ntchito ku Tübingen m'dziko la Germany, ankatolera mabandeji a mafinya kuchipatala. Mafinya ndi maselo oyera amene afera pa nkhondo ya pabala. Anawatsuka, n'kupatula manyukiliyasi, ndipo anapezamo chinthu chokhala ndi phosphorus wambiri chimene sichinali puloteni. Anachitcha nuclein chifukwa anachipeza mu nyukiliyasi. Dzina loti nucleic acid linachokera pamenepo, ndipo ndi dzinalo limene limatisocheretsa mpaka lero, chifukwa limatipangitsa kuganiza kuti kunja kwa nyukiliyasi kulibe.

Ngati pasukulu panu pali mayikulosikopu, tsiku limene kunyumba mwapha nkhuku tengani kadontho ka magazi ake, mupake mopyapyala pa kagalasi, muumitse, muthire utoto wa methylene blue. Muona maselo ofiira obulungira ngati dzira, lililonse lili ndi kadontho kakuda pakati. Mbalame, nsomba, achule ndi abuluzi maselo awo ofiira amasunga nyukiliyasi. Ndife a gulu la zoyamwitsa amene timaitaya.

Tsopano tibwerere ku chiyambi. Ma nucleic acid alipo awiri, DNA ndi RNA. Onse ndi maunyolo ataliatali a tizidutswa totchedwa nucleotide, ndipo kachidutswa kalikonse kali ndi shuga, phosphate, ndi chimodzi mwa "zilembo" zinayi. DNA zilembo zake ndi A, T, G ndi C, ndipo imakhala yopotana pawiri ngati chingwe cha khonje. RNA m'malo mwa T imakhala ndi U, shuga wake ndi wosiyana pang'ono, ndipo kawirikawiri ndi unyolo umodzi wokha. Ine ndikamaphunzitsa ndimawauza ana kuti asaloweze mayina a malo, koma adzifunse funso limodzi: kodi pamalo pano selo likusunga malangizo, likuwakopera, kapena likupanga mapuloteni? Paliponse pamene yankho ndi eya, pali nucleic acid.

Mu nyukiliyasi ya munthu muli mitolo ya DNA yotchedwa makoromozomu. Ilipo 46, 23 ochokera kwa mayi ndi 23 ochokera kwa bambo. Mbali iliyonse ili ndi zilembo zoposa 3 biliyoni. Mutati muwongole DNA ya selo limodzi n'kuilumikiza, ingatalike pafupifupi mamita 2, kuposa msinkhu wanu. Koma nyukiliyasi imene ikusunga zonsezo ndi yaying'ono moti pangafunike manyukiliyasi oposa 100 ondondozana kuti akwane milimita imodzi pa lula. Zimatheka chifukwa DNA imakulungidwa pa timapuloteni totchedwa histone, monga ulusi pa kachitsotso, kenako n'kupindidwanso kambirimbiri. Mmenemo ndi mmene muli majini (genes, zigawo za DNA) pafupifupi 20,000 amene ali ndi malangizo opangira mapuloteni.

DNA imeneyi situluka. Ndimaifanizira ndi kaundula wa mudzi kwa a mfumu: buku lenilenilo silichoka pabwalo, munthu akafuna umboni amamulembera kalata, iye n'kupita nayo kumene ikufunika. Kalatayo ndi mRNA. Imakoperedwa mu nyukiliyasi momwemo, imadulidwa ndi kukonzedwa, kenako imatulukira pa timabowo ta pakhungu la nyukiliyasi. Apa muone kuti mu nyukiliyasi mulinso RNA yambiri ndithu, chifukwa ndi kumene imabadwira. Ana ambiri amalemba kuti "DNA mu nyukiliyasi, RNA mu cytoplasm" ngati kuti anagawana malire a munda. Si choncho. Ndipo kadontho kakuda kaja kamene kamaoneka mkati mwa nyukiliyasi, nucleolus, kwenikweni ndi malo opangira RNA ya maraibosomu. Sikakhala ndi khungu lakelake. Ndi pamalo pamene majini a RNA imeneyi, ochokera pa makoromozomu angapo, amasonkhana n'kumagwira ntchito usiku ndi usana, ndipo zigawo ziwiri za raibosomu zimayamba kumangidwira pomwepo.

Kunja kwa nyukiliyasi, mu cytoplasm, ndi kumene RNA yadzaza. Pano pali chinthu chimene mabuku athu amachidutsa mofulumira kwambiri, ndipo ine chimandiwawa: raibosomu, imene timangoijambula ngati kadontho, mbali yake yaikulu ndi RNA. Kuposa theka la kulemera kwake ndi RNA yotchedwa rRNA, zotsalazo ndi mapuloteni. Ndipo ntchito yeniyeni yolumikiza amino acid ina ndi inzake (tizidutswa timene timapanga puloteni) imagwiridwa ndi RNA, osati puloteni. Izi zinaonekera bwino cha m'ma 2000 pamene asayansi anakwanitsa kuona kapangidwe ka raibosomu mpaka pa atomu, ntchito imene Venkatraman Ramakrishnan, Thomas Steitz ndi Ada Yonath analandirira mphoto ya Nobel mu 2009. Selo limodzi la nyama limatha kukhala ndi maraibosomu mamiliyoni, n'chifukwa chake pa RNA yonse ya m'selo, pafupifupi 80 pa 100 iliyonse ndi rRNA. Yotsatira ndi tRNA. Timeneti ndi ti RNA tifupitifupi timene timanyamula amino acid imodzi pa ulendo kukaitula pa raibosomu, n'kubwerera kukatenga ina, ngati anyamata a kabaza, a sakaramento aja, pakati pa msika ndi Chiputula. mRNA ija, ngakhale ndi imene imatchuka, ndi yochepa kwambiri pa zitatuzi, ndipo sikhalitsa. Ikawerengedwa kokwanira imaphwanyidwa.

Maraibosomu ena amangoyandama, ena amamatirira pa endoplasmic reticulum (ER), ukonde wa timakungu ta m'selo. Ndiwo amene amaichititsa kuoneka yakhakhalakhakhala, n'kumatchedwa rough ER. Choncho mwana akafunsa ngati pa rough ER pali nucleic acid, yankho ndi lakuti ilipo, koma ndi RNA ya maraibosomu amene akhalapowo pamodzi ndi mRNA imene akuwerenga. ER yeniyeniyo ilibe majini ake. Zigawo zina za selo monga Golgi, lysosome, peroxisome, vacuole ndi khungu la selo, zonsezi zilibenso DNA yawoyawo. Mu lysosome mungapeze tizidutswa ta DNA ndi RNA, koma tabwera kudzaphwanyidwa, si kwawo.

Tafika pa mitochondria, ndipo apa ndichedwapo pang'ono.

Mu 1963, Margit Nass ndi Sylvan Nass, akugwira ntchito ku Stockholm, anaona tiulusi ta DNA mkati mwa ma mitochondria pogwiritsa ntchito mayikulosikopu ya ma electron. Mu 1981 gulu la Frederick Sanger ku Cambridge linawerenga DNA yonse ya mu mitochondria ya munthu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndi kamkombero kakang'ono ka zilembo 16,569, kopanda mutu kapena mchira, kokhala ndi majini 37. Mwa amenewa, 13 ndi a mapuloteni ogwira ntchito yotulutsa mphamvu kuchokera mu chakudya, 22 ndi a tRNA, ndipo 2 ndi a rRNA. Taonani zimenezo bwino: mitochondria ili ndi DNA yake, imakopera mRNA yake, ili ndi tRNA yake ndi maraibosomu akeake mkatimo. Mitundu yonse ya nucleic acid imene tatchula ilimo. Kamkomberoka n'kakang'ono zedi poyerekeza ndi DNA ya mu nyukiliyasi, koma sikakhala kamodzi. Selo limodzi limatha kukhala ndi makope mazana kapena masauzande, makamaka maselo a mtima ndi a minofu amene amadya mphamvu kwambiri. Dzira la mayi limakhala ndi makope oposa 100,000.

Komabe musawauze ana kuti mitochondria ndi yodziimira payokha. Imafuna mapuloteni oposa 1,000 kuti igwire ntchito, ndipo onsewo kupatula 13 aja malangizo ake ali mu nyukiliyasi. Amapangidwa mu cytoplasm n'kulowetsedwa.

DNA imeneyi timatengera kwa mayi okha. Umuna uli ndi ma mitochondria ochepa pakhosi pa mchira wake, ndipo akalowa m'dzira amawonongedwa. Kuno ku Mzuzu ichi n'chosavuta kufotokoza, chifukwa m'kalasi imodzi mumakhala ana a miyambo iwiri. Mwana wa Chitumbuka kapena wa Chingoni cha ku Mzimba amawerenga mtundu wake kuchokera kwa bambo, kumene kunachokera malowolo. Mwana wa Chichewa wa ku Ntchisi kapena ku Dowa amawerenga mbumba ya kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi amalume. DNA ya mu mitochondria imatsata mbumba ndendende. Inuyo, amayi anu, agogo anu aakazi obereka amayi, abale anu a bere limodzi, amalume anu ndi ana a abale aakazi a amayi anu, nonse muli ndi kamkombero kamodzi komweko. Amalume anu ali nako, koma ana awo sawapatsira, anawo atenga ka mayi awo. Mzere wa kuchimuna uli ndi chakenso, koromozomu Y, imene imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, koma iyo ili mu nyukiliyasi. N'chifukwa chake pofuna kudziwa bambo wa mwana sayang'ana mu mitochondria, samupezamo. Amayang'ana DNA ya mu nyukiliyasi imene makolo onse awiri anasonkhapo theka.

Nanga kachiwalo ka m'selo kakhala bwanji ndi DNA yake? Yankho limene asayansi amavomereza lero, limene Lynn Margulis analimenyera nkhondo kuyambira mu 1967 anthu ambiri asanalikhulupirire, n'lakuti mitochondria poyamba inali bakiteriya wodziyendera yekha. Zaka zoposa 1 biliyoni zapitazo analowa m'selo lina, sanagayidwe, n'kukhazikika momwemo. M'kupita kwa nthawi majini ake ambiri anasamukira ku nyukiliyasi, ochepa n'kutsala. Zizindikiro zikuonekabe: DNA yake ndi yozungulira ngati ya bakiteriya, imachulukana podzigawa pakati, yakutidwa ndi makungu awiri, ndipo maraibosomu ake amafanana kwambiri ndi a bakiteriya kusiyana ndi a mu cytoplasm yathu.

Izi si nthano ya m'buku chabe. Amene tinalipo zaka zoyambirira za ma ARV aulere m'Malawi muno tikukumbukira mankhwala a Triomune, amene munali stavudine. Anapulumutsa anthu ambirimbiri amene akanafa, zimenezo tisaiwale. Koma ena atamwa zaka zingapo masaya ankalowa, miyendo ndi mikono n'kuwonda, mapazi kumachita dzanzi kapena kuyaka ngati aponda makala. Chifukwa chake chinali mu mitochondria. Stavudine anapangidwa kuti anamize enzyme ya HIV imene imakopera majini a kachilomboko. Ma enzyme okopera DNA ya mu nyukiliyasi sankapusitsika kwenikweni, koma mitochondria ili ndi enzyme yakeyake yokopera DNA, yotchedwa polymerase gamma, ndipo iyo inkapusitsika. DNA ya mu mitochondria inkachepa, maselo a mafuta ndi a mitsempha n'kumasowa mphamvu. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene dziko lathu linasiyira mankhwalawa pakati pa 2011 ndi 2013 n'kusamukira ku okhala ndi tenofovir. Ma ARV a masiku ano alibe stavudine, ndiye pasapezeke womva nkhaniyi n'kusiya kumwa mankhwala. Ndaitchula kuti muone kuti kudziwa malo amene DNA ili kunasintha mankhwala amene abale athu akumwa lero.

Zomera ndiye zili ndi nkhokwe zitatu za DNA: nyukiliyasi, mitochondria ndi chloroplast. Ana ambiri amaganiza kuti chomera poti chili ndi chloroplast ndiye chilibe mitochondria. Muwakonze msanga, chili ndi zonse ziwiri. Chloroplast nayonso inachokera kwa bakiteriya, wa mtundu wa cyanobacteria amene amapanga chakudya ndi dzuwa, ndipo ili ndi DNA yake, RNA yake ndi maraibosomu ake. DNA yake ndi yokulirapo kuposa ya mitochondria ya munthu, kawirikawiri zilembo za pakati pa 120,000 ndi 160,000, majini oposa 100. Chimodzi mwa zomera ziwiri zoyamba zimene DNA ya chloroplast yake inawerengedwa yonse, mu 1986 ku Japan, chinali fodya, yemweyu amene alimi a ku Rumphi ndi Mzimba amabwera naye ku okushoni kuno. Mgwirizano wa nkhokwezi umaoneka bwino pa enzyme ya rubisco, imene imagwira mpweya wa carbon dioxide m'tsamba: zigawo zake zazikulu malangizo ake ali mu chloroplast, zazing'ono ali mu nyukiliyasi, ndipo zimakakumana mu chloroplast n'kukhala chinthu chimodzi. Ngakhale mu chinangwa cha kondowole, chimene chakulira pansi osaona dzuwa, tizigawo timene timasunga sitalichi ndi abale a chloroplast, ndipo tili ndi DNA yomweyo, kungoti tilibe utoto wobiriwira.

Alimi a chimanga ku America anaphunzira za DNA ya mu mitochondria movutikira. Popanga mbewu ya haibridi pamafunika kuti mizere ya chimanga chachikazi isatulutse mungu wake, ndipo kuthyola ngayaye munda wonse ndi ntchito yaikulu. Makampani anapeza mtundu wa chimanga umene ngayaye zake sizitulutsa mungu wamoyo chifukwa cha jini ina ya mu mitochondria, wotchedwa Texas cytoplasm, n'kuugwiritsa ntchito pafupifupi ponseponse. Poti mitochondria imatsata mayi, mbewu zamitundumitundu zimene zinali pa msika, ngakhale zinali zosiyana mu nyukiliyasi, zinali ndi mitochondria imodzi. Mu 1970 kunabuka matenda a masamba a southern corn leaf blight, amene poizoni wake ankagwira puloteni ya jini yomweyo. Dzikolo linataya pafupifupi 15 pa 100 iliyonse ya chimanga chake m'chaka chimodzi.

Tsopano ndikutengereni mu labotale ya chipatala, pamene amayeza malungo ndi mayikulosikopu, chifukwa pagalasi limodzi lokha mungaone zambiri zimene tanenazi. Magazi akapakidwa mopyapyala n'kuthiridwa utoto wa Giemsa, maselo ofiira amaoneka otuwa, opanda kanthu mkati. Apo ndi apo pali selo loyera, nyukiliyasi yake itada bii ndi utoto wapepo. Ndiye mukayang'anitsitsa, m'selo lofiira lina mumaona kamphete kabuluu kokhala ndi kadontho kofiira pambali, ngati mphete ya ukwati yokhala ndi mwala. Kameneko ndi kachilombo ka malungo, Plasmodium. Kadontho kofiirako ndi nyukiliyasi yake, DNA. Utoto wabuluu wa mpheteyo umabwera makamaka chifukwa cha RNA ya maraibosomu imene yadzaza mu cytoplasm yake. Kamaonekera chifukwa kali m'nyumba yopanda nucleic acid ina iliyonse. Nthawi zina mumaonanso maselo ofiira okulirapo, abuluu pang'ono. Amenewo ndi ana, angotuluka kumene m'mafupa ndipo akadali ndi RNA yotsalira imene imatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Madokotala amawawerenga pofuna kudziwa ngati thupi la wodwala wochepa magazi likupanga atsopano.

Plasmodium yemweyo, ngakhale ndi kachilombo ka selo limodzi, ali ndi nkhokwe zitatu ngati chomera. Ali ndi makoromozomu 14 mu nyukiliyasi, DNA yochepetsetsa mu mitochondria, zilembo pafupifupi 6,000 zokha, ndiponso kachiwalo kotchedwa apicoplast kokhala ndi DNA ya zilembo pafupifupi 35,000. Apicoplast ndi chotsalira cha chloroplast imene inaleka kalekale kupanga chakudya ndi dzuwa. Poti maraibosomu ake ndi a mtundu wa bakiteriya, mankhwala opha mabakiteriya monga doxycycline ndi clindamycin amakagwira pamenepo, n'chifukwa chake amatha kulimbana ndi malungo, ngakhale amachedwa kugwira ntchito. Kachilombo ka kaodzera, kamene kashembe amafalitsa cha ku Vwaza m'boma la Rumphi ndi ku Nkhotakota, nako kali ndi zake. Pagalasi kamaoneka ndi madontho awiri, lalikulu pakati ndi laling'ono kumapeto. Laling'onolo ndi kinetoplast, DNA ya mu mitochondria yake imodzi yokha, timikombero masauzande tokolowekana ngati ukonde wa usipa.

Mabakiteriya sindichedwapo. Alibe nyukiliyasi, alibe mitochondria. DNA yawo, imene kawirikawiri ndi mkombero umodzi waukulu, imangokhala itaunjikana pamalo ena mu cytoplasm potchedwa nucleoid, popanda khungu. Poti palibe chotchinga, raibosomu imayamba kuwerenga mRNA isanathe n'komwe kukoperedwa. Ambiri alinso ndi timikombero tina tapadera, ma plasmid, timene amatha kupatsirana ngakhale si a mtundu umodzi. Majini opangitsa bakiteriya kusamva mankhwala nthawi zambiri amayenda pa timeneti. Makina a GeneXpert amene amayeza TB m'makhololo amafunafuna DNA ya bakiteriya wa TB, ndipo amaonanso ngati pa jini inayake pasintha moti rifampicin sangagwire.

Mavayirasi si maselo, koma ana adzakufunsani ndithu. Vayirasi ndi nucleic acid yokutidwa ndi puloteni, ena DNA, ena RNA. HIV ndi wa RNA. Akalowa m'selo loyera amasandutsa RNA yake kukhala DNA, DNAyo n'kukaisokerera pa koromozomu ya munthu mu nyukiliyasi. Kuyambira pamenepo selolo limasunga malangizo a kachilomboko ngati akeake, ndipo maselo ena otero amagona zaka zambiri osadzuka. Ndi chifukwa chake ma ARV ndi a moyo wonse. Dolutegravir, amene ali m'mankhwala amene ambiri akumwa kuyambira 2019, amatchinga sitepe yosokerera ija. Akamayeza viral load amawerenga RNA ya kachilombo imene ikuyandama m'magazi. Akamabaya chidendene cha khanda la masabata 6 n'kudonthetsera magazi pa kapepala, amafuna majini a kachilombo enieniwo, chifukwa chitetezo chimene chili m'magazi a khandalo chingakhale chochokera kwa mayi.

Pa mayeso, muwaphunzitse anawo kuyamba aona kaye kuti funso likunena selo la chiyani. Ngati ndi la nyama, DNA ili mu nyukiliyasi ndi mu mitochondria. Ngati ndi la chomera, awonjezere chloroplast. Ngati ndi bakiteriya, atchule nucleoid ndi plasmid, ndipo asayerekeze kulemba nyukiliyasi. RNA aipeze mu nyukiliyasi makamaka mu nucleolus, mu cytoplasm, m'maraibosomu kuphatikizapo a pa rough ER, ndiponso mkati mwa mitochondria ndi chloroplast. Funso likafuna malo amodzi okha a DNA, nyukiliyasi ndi yankho loyenera, poti ndi mmene muli yochuluka. Koma mwana amene akudziwa zinazo sayenera kuuzidwa kuti walakwa.

Pomuyankha mtsikana uja, ndikupemphani kuti musangolankhula. DNA imatheka kuioneka ndi maso, ndipo zipangizo zake zonse zili mu msika. Gulani nthochi yakupsa bwino, za ku Nkhata Bay zija, mudule theka, muike m'kajumbo koyera n'kuifinya mpaka ikhale phala. M'kapu ina sakanizani theka la kapu ya madzi, theka la supuni yaying'ono ya mchere ndi masupuni aang'ono awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale. Thirani mu kajumbo muja, musakanize modekha kuti pasachite thovu, mudikire mphindi 10. Sopoyo akusungunula makungu a mafuta a selo, a nyukiliyasi ndi a ma mitochondria. Mcherewo ukuthandiza DNA kulekana ndi mapuloteni n'kuyamba kugwirana. Sefani ndi kansalu koyera m'tambula yagalasi. Kenako tengani spiriti amene wagona mu firiji usiku wonse, wozizira kwambiri, mupendeketse tambulayo, n'kumathira pang'onopang'ono m'mbali kuti akhale pamwamba osasakanikirana. Pafupi pasakhale moto uliwonse. Pakangopita mphindi ziwiri kapena zitatu, pamalire a spiriti ndi madzi a nthochi payamba kutuluka tiulusi toyera tonanda ngati mamina, tikukwera m'mwamba ndi timathovu. Mupatseni mtsikanayo kamtengo kotokosera m'mano kuti akolowole yekha. Atakweza kamtengoko, mumufunse kuti zimene zalendewerazo zachokera m'zigawo ziti za selo. Zambiri ndi za mu nyukiliyasi, pa makoromozomu 33 a nthochiyo, koma mulinso za mu mitochondria, za m'tizigawo tosunga sitalichi tija, ndi RNA imene yatsatira limodzi. Ayambe iye kutchula, inu mudikire.